Tsiku Lomwe Ndinaphimba Chithunzi

Lachiwiri ndi Lachinayi tikaweruka, ndimasonkhanitsa ana a Sitandade 2 pansi pa mtengo wa mango kwathu kuti tiziwerenga. Mabuku tili nawo anayi okha, limodzi lopanda chikuto.

Pali kamnyamata kena komwe ndinkakanyadira, kowerenga mothamanga ngati wailesi. Tsiku lina ndinaphimba chithunzi cha kalulu ndi dzanja, n'kuloza liwu limodzi. Zii! Kani kanangoloweza buku lonse pamtima. Anzake anaseka, iko kanathawa kakulira, sabata yonse osabweranso.

Zinandiwawa, abale, poti ndinakayalutsa ndine. Ndinakapepesa kwa mayi ake. Pano timayamba awiriwiri ena asanafike, kulemba maphatikizo pamchenga: ba, bu, ka, ku. Dzulo kanawerenga liwu loti "buku" kokha, popanda chithunzi, n'kundifunsa ngati ndiwauze anzake aja.