Perefyumu wa Achemwali

Mu Okutobala chaka chatha, achemwali athu aakulu amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera kudzaona mayi. Potsanzikana anatipatsa kabokosi kokutidwa bwino. Munali botolo la perefyumu la mamililita 100, lolembedwa kuti eau de parfum. Tinalandira ndi manja awiri, podziwa kuti ndalama za ku Joni sizitoledwa pansi. Iwo amagwira ntchito m'nyumba ya anthu ndipo amadzuka kusanache.

Tinadikira mpaka Sabata m'mawa kuti titsegule botololo. Titapopera kawiri pakhosi, fungo linatuluka lokoma ngati la lalanje longosenda kumene. Pomwe timamaliza kuveka ana, sitinkalimvanso, choncho tinawonjezera katatu, china pa diresi.

Mavuto anayambira mu minibasi. Kunja kunkatentha, mawindo awiri anali osatseguka, ndipo fungo la lalanje lija linali litasanduka lolemera ngati la zofukiza. Mayi amene anakhala pafupi nafe anaphimba mphuno ndi chitenje. Kenako mwana wathu womaliza, wa zaka 9, amene ali ndi mphumu, anayamba kutsokomola, chifuwa chikulira. Tinatsikira panjira, n'kumupatsa mankhwala ake opopera m'kamwa, ndipo tinakhala naye pansi pa mtengo mpaka anayambanso kupuma bwino. Patapita masiku awiri, pakhosi pathu panatuluka totupa toyabwa.

Manyazi anatigwira, chifukwa ife ndi amene timaimirira kutsogolo kuphunzitsa anzathu za ubwino wa mpweya wabwino. Tinkadziwa kuti utsi wa makala, fumbi ndi fodya zimadzutsa mphumu, koma botolo lokongola sitinalikayikire.

Titafufuza, tinamvetsa zimene zinachitika. Mbali yaikulu ya perefyumu ndi alikoholo, ndipo muli mafuta onunkhira osiyanasiyana amene sauluka nthawi imodzi. Opepuka, monga a malalanje ndi mandimu, amatha pa mphindi zochepa. Olemera amatsalira pakhungu kwa maola ambiri, ndipo fungo lawo ndi limene munthu amayenda nalo tsiku lonse. Kutentha ndi thukuta zimalikulitsa, komanso khungu la anthu limasiyana, n'chifukwa chake botolo limodzi limanunkhira mosiyana pa anthu awiri. Eau de parfum amakhala ndi mafuta ambiri kuposa eau de toilette, ndiye safuna kupopera kambirimbiri. Chinanso, mphuno imazolowera msanga fungo limene ili nalo pafupi. Ife tinkaona ngati latha, pamene anzathu mu minibasi linkawatsamwitsa.

Botololo tinalitsekera m'kabati. Koma achemwali atafunsa pa WhatsApp, tinayankha kuti, “Ndi wabwino zedi, aliyense akuyamikira.” Tinkaopa kuwakhumudwitsa. Bodzalo silinachedwe kutibwerera. Mu Novembala anatiuza mosangalala kuti ayamba kusunga ndalama zoti adzatigulire botolo lina pobwera mu Disembala.

Usiku umenewo tulo sitinatione. Kukhala chete kukanachititsa kuti mayi wotopa awononge ndalama zake pa chinthu chimene chinadwalitsa mwana wa mng'ono wake. M'mawa tinawaimbira foni.

“Achemwali, mutikhululukire, sitinakuuzeni zoona. Mphatso ija tinaikonda, koma inamudzutsira mphumu mwana wanu uja, ndipo ifenso inatitulutsa totupa.”

Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti, “Mwanayo ali bwanji pano?” Titawauza kuti ali bwino, anati, “Nanga bwanji osanena tsiku lomwelo? Ine ndikanapsa mtima ndi botolo?” Chimene chinawapweteka n'chakuti tinawabisira za mwanayo kwa mwezi wathunthu. Pamenepo tinalibe choyankha.

Atabwera mu Disembala tinawabwezera botolo lija. Pa iwo limanunkhira bwino moti tonse tinaseka, koma akamabwera kwathu sadzipopera. M'malo mwake anatibweretsera mafuta odzola opanda fungo.

Panopa tikalandira kapena tikafuna kugula perefyumu, timayamba tayesa pang'ono m'kati mwa mkono n'kudikira maola angapo kuti timve fungo lake lenileni, ndiponso masiku awiri kuti tione ngati khungu silikuyabwa. Timawerenganso zolembedwa pa sopo ndi pa mafuta odzola, chifukwa mawu akuti parfum kapena fragrance amatanthauza kuti muli zonunkhiritsa. Inu amene perefyumu amakuyanjani, musunge botolo pamalo ozizira, osawomba dzuwa, kutali ndi mbaula popeza alikoholo amayaka, ndiponso pamene ana sangafikire. Popita pamene anthu amathithikana, monga mu minibasi, m'tchalitchi kapena kuchipatala, kupopera kamodzi n'kokwanira. Mwana wa mphumu akapitiriza kubanika atalandira mankhwala ake, thamangirani naye kuchipatala.

Ndipo wina akakupatsani mphatso imene sinakuyanjeni, muthokozeni ndi mtima wonse, kenako muuzeni zoona mwaulemu asanagule yachiwiri.