Nthondo ku Edingeni

Chaka chatha tidapita ku sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Edingeni, kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, kukaona mmene mmodzi wa ophunzira athu anali kuphunzitsira. Tsikulo anali ndi buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, limene lidatuluka mu 1933. Mnyamatayo adakonzekera ndithu, koma ana adangoti duu mpaka belu kulira. Titatuluka adatidandaulira kuti buku lotere nlofunika kulichotsa pa mndandanda, m'malo mwake paloŵe mabuku atsopano.

Sitidamdzudzule. Mwana wa ku Edingeni amayankhula Chitumbuka pakhomo. Chicheŵa, chimene chidakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, amakumana nacho makamaka m'kalasi ndi pa wailesi. Choncho buku lakale limamtalikira paŵiri: mawu ake ngakale, ndipo mudzi wake ngwachilendo. Kwa Acheŵa mwamuna amakhala chikamwini ndipo mwana amamvera atsibweni ake, pamene kuno ng'ombe za lobola zikaperekedwa mwana ngwa kuchimuna.

Komabe tidamfunsa kuti mabuku atsopanowo ndi ati. Adatchula Njala Bwana la Willie Zingani ndi Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba. Apa tidaseka, osati iye koma ife eni amene tidamphunzitsa choncho, pakuti mabukuŵa adatuluka m'zaka za m'ma 1980, makolo ambiri a ana aja akadali kumsana. Mndandanda wathu udakalamba ife osazindikira.

Tidamlangiza kuti asataye Nthondo, koma asinthe poyambira. Mlungu wotsatira adadza ndi nkhani yaifupi ya m'nyuzipepala, ya mnyamata wopita ku Joni, naiŵerenga. Kenaka adafunsa kuti ndani ali ndi mbale wake kumeneko. Manja adakwezedwa pafupifupi onse, monga aliyense wodziŵa Mzimba angayembekezere. Pamenepo mpamene adatsekula Nthondo, pa ndime imene mwini nkhaniyo asiya mudzi kukafuna ntchito kutali. Ana amene adali chete aja adatsutsana mpaka nthaŵi ya phunziro la masamu kudyeka, ndipo mawu ovuta adawafunsa okha.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi, mabuku a mayeso simudzasankha ndinu; zimenezo nza akuluakulu. Koma choŵerenga choyamba pa Lolemba m'maŵa mudzasankha nokha, ndipo nkhani ya chaka chino yofanana ndi ndime yakale simudzaipeza ngati inu eni mudaleka kuŵerenga.

Pomaliza phunziro lija mtsikana wina adafunsa ngati kwawoko kudalibe wolemba mabuku masiku amenewo. Tidamuuza za Yesaya Chibambo, amene adalemba mbiri ya Angoni m'Chitumbuka, ndipo idatulukanso m'Chingerezi mu 1942. Adapempha kuti aliwone bukulo. M'kabati ya sukuluyo munalibe, ndipo nafenso tinalibe.