Mvuu za mu Kafue ndi abale ao a m'nyanja ya mcere

Tinakwera boti pafupi ndi mlatho wa njanji Loweruka m'mamawa, nkhungu ikali pamadzi. Tinali anthu asanu ndi atatu a m'kwaya ya parishi yathu. Woyendetsa, mkulu amene anakulira pa usodzi, anatipatsa lamulo limodzi lokha: pasakhale woimirira.

Titapitirira mabango, iye anazimitsa injini, ndipo tinangoyandama. Poyamba tinayesa miyala. Kenaka mwala wina unagwedeza makutu, nupemerera madzi m'mphuno. Zinali mvuu, ndipo pakati pao panali yaikazi, mwana atatsamira pamsana pake. Inamira, ife n'kumawerenga mphindi. Isanakwane yacisanu inatumphuka pamalo ena, pafupi ndi ife kuposa kale. Yaimuna inayasamula, mano onse pamtunda, ndipo mmodzi wa ife anaseka kuti ili ndi tulo.

"Si tulo, amai," anatero mkuluyo motsitsa mau. "Ikutiuza kuti tafika pakhomo pake."

Mnzathu wina, mphunzitsi, ndiye anatikumbutsa cimene asayansi anapeza m'zaka za m'ma 1990: m'bale weniweni wa mvuu mwa zamoyo zonse si nkhumba kapena njovu, koma namgumi, cinsomba cija timacikumbukira tikamva za Yona. Ndipo madzi amene tinali kuyandamapo amapita kwao. Kafue amathira mu Zambezi pafupi ndi Chirundu, Zambezi nadutsa ku Tete mpaka kukalowa m'nyanja ya India. Kumeneko, kuyambira June mpaka October, anamgumi a linunda amafika kucokera ku madzi ozizira a ku Antarctica kudzaberekera ku gombe la Mozambique. Wamkulu amatalika mamita ngati 15. Amapuma mpweya ndi kuyamwitsa mwana m'madzi monga mvuu. Aamuna amaimba nyimbo zazitali pansi pa nyanja, cimene ife a kwaya cinatikomera kumva. Anaphedwa kwambiri cifukwa ca mafuta ao mpaka kuwasaka kunaletsedwa kumwera kwa dziko lapansi mu 1963, ndipo tsopano acurukanso. Alendo amapita kukawaona pa maboti ang'onoang'ono ku Inhambane.

Mkulu wathu anamvetsera zonsezi, koma sizinamsangalatse kwenikweni. Alendo, iye anati, amaona n'kubwerera kwao. Msodzi amabwera mawa ndi mkuja. Anasimba za bwato la mbale wake limene mvuu inagubuduza madzulo ena pobwera kokaonjola maukonde, ndi za dimba la cimanga limene linatha usiku umodzi. Sanalankhule mwaudani. Anangofuna kuti tidziwe mtengo wokhala pafupi ndi nyama imene ife tinali kuitamanda.

Mtsikana wina anapempha kuti tisendereko pang'ono kuti ajambule mwana uja. Mkuluyo anapukusa mutu, natenga nkhafi, nayamba kupalasa cam'mbuyo. Injini anailiza titafika kale kuseri kwa mabango.