Kriketi ndi Mvula ya ku Colombo

Pa masewera onse amene Angerezi anasiya m'maiko omwe ankawalamulira, palibe ena oopa madzi ngati kriketi. Mpira wa miyendo timausewera ndi m'matope momwe, ndipo goloboyi akaterereka anthu amangoseka. Koma pa kriketi kukangogwa timadontho, akuluakulu ovala zoyera amathawira pakhonde ngati nkhuku. Sikuti ndi ulesi ayi. Mpira wake ndi wachikopa, wolimba ngati mwala, ndipo ukanyowa umapulumuka m'dzanja la woponya. Kabwalo ka pakati, kotalika mayadi 22, ndi dothi lamakande lotsendereza. Likanyowa mpira umanjanja mopenga, munthu n'kuthyoka nthiti.

Ine kriketi ndinaidziwira kusekondale kwa mnzanga wina wa ku Limbe amene agogo ake anachokera ku India. Pano pa koleji oitsatira tilipo ochepa, ndipo anzathu amatiseka kuti ndi masewera otani otha masiku asanu wopambana osapezeka. Zimenezo ndilibe nazo mawu. Koma ine ndine mwana wa mlimi. Kwathu gogo amene sanaponde m'kalasi amadziwa nthawi ya chizimalupsa, amadziwanso mvumbi wa mu Febuluwale, ndipo palibe munthu wamutu wake amene amaumba njerwa mu Januwale. Tsono chondizunguza n'chakuti mabwana oyendetsa kriketi ya dziko lapansi, anthu a masukulu ndi makompyuta, njerwa zawo amaumba mu Januwale chaka ndi chaka.

Mvula ya monsoon si mlendo wodzidzimutsa. Mphepo yochokera kumwera chakumadzulo imafika ku Kerala kumayambiriro kwa Juni n'kukwera nalo dziko la India mpaka Sepitembala. Ikamabwerera, ina yochokera kumpoto chakummawa imanyowetsa Chennai kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Chilumba cha Sri Lanka chimalandira zonse ziwiri, ndipo ku Colombo mvula imachuluka mu Meyi, kenakanso mu Okutobala ndi Novembala. Amalonda a ngalawa za matanga ankadalira mphepo zomwezi zaka mazanamazana zapitazo popita ndi pobwera ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Iwo ankawerenga nyengo chifukwa kulakwitsa kunali kumira.

Taonani zimene zinachitika ku Colombo mu Sepitembala 2002. India ndi Sri Lanka anakumana mu ndime yomaliza ya chikho cha Champions Trophy. Pa 29 Sri Lanka inamenya ma over ake onse 50, ndipo over imodzi ndi mipira isanu ndi umodzi. India itangoyamba, mvula inatsika. M'mawa mwake, m'malo mopitiriza pamene analekezera, lamulo linati ayambirenso pachiyambi. Sri Lanka inamenyanso ma over 50, India inayambanso, mvula inatsikanso madzulo monga dzulo lake. Masiku awiri, ma over oposa 100, okwanira masewera athunthu, koma chikho anachita kugawana ngati nsima ya pamaliro. Apa mvula ndingaiimbe mlandu wanji?

Inde, akatswiri anayesapo kuthana ndi vutoli ndi masamu, ndipo chinawadzutsa ndi manyazi a ku Sydney mu Malichi 1992. South Africa, itangobwerera kumene m'masewera a maiko onse pambuyo pa zaka zosalidwa chifukwa cha tsankho, inkafuna ma run 22 pa mipira 13 kuti igonjetse England n'kulowa mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse. Mvula inagwa mphindi 12 zokha. Lamulo la nthawi imeneyo linkachotsa ma over amene timu yoyamba inapezamo zochepa kwambiri, choncho mipira 12 inachotsedwa koma pa ngongole panachoka run imodzi yokha. Brian McMillan anabwerera pabwalo kukafuna ma run 21 pa mpira umodzi. Pambuyo pake Frank Duckworth ndi Tony Lewis anakonza njira yowerengera chuma chimene timu yatsala nacho, ndiye kuti ma over otsala ndi omenya amene sanatuluke. Njirayi inayamba kugwira ntchito pa masewera a pakati pa maiko ku Harare pa 1 Januwale 1997, Zimbabwe n'kugonjetsa England. Ndi masamu okoma, ndipo anzathu a ku dipatimenti ya masamu angachite bwino kuwaona. Koma masamu amathandiza pokhapokha masewera aseweredwako mokwanira. Bwalo likasanduka dambo, Duckworth alibe chonena.

Nanga n'chifukwa chiyani amabwererabe ku Colombo nyengo yomweyo? Mbali ina ndi kalendala yodzaza. Miyezi youma ya ku India, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Meyi, inatengedwa ndi mpikisano wa Indian Premier League, kumene kuli ndalama zenizeni, ndipo zikho za maiko zimalimbirana miyezi yotsala. Mbali ina ndi ndale. Mu 2023 chikho cha Asia Cup chinali cha Pakistan, koma India inakana kupita kumeneko, choncho masewera ambiri anasamutsidwira ku Sri Lanka mu Sepitembala. Masewera a India ndi Pakistan ku Pallekele pa 2 Sepitembala anathera panjira, Pakistan isanamenye ngakhale mpira umodzi. Mabwana ataona kuti ndalama za wailesi ya kanema zili kupita ndi madzi, anaika tsiku lapadera lomalizira masewera achiwiri a matimu awiriwa, mpikisano uli m'kati. Bangladesh ndi Sri Lanka, amene anali pa ndime yomweyo, sanapatsidwe tsiku lotere. Ambulera inalipo imodzi, ndipo anafunditsa mwana wa mfumu. Chimenechi ndicho chimandiwawa kuposa mvulayo.

Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Mu Okutobala 2025 Colombo inalandira gawo la chikho cha dziko lonse cha amayi, pa chifukwa chomwe chija cha India ndi Pakistan, m'mwezi umene aliyense wa ku Colombo amayenda ndi ambulera. Masewera asanu kumeneko anatha popanda wopambana. Atatu mwa iwo anali a Pakistan, ndipo pa amodzi atsikanawo anali atapanikiza England, mvula n'kuwalanda nyama m'kamwa. Chikho chimenechi chimabwera kamodzi pa zaka pafupifupi zinayi. Wosewera wa zaka 30 amene anakhala pakhonde kuyang'ana mitambo mwina chimenecho chinali chikho chake chotsiriza.

Pali anthu ena amene dzina lawo silituluka pa bolodi la zotsatira. Ku England mvula ikagwa amafunditsa makamaka kabwalo ka pakati ndi m'mbali mwake, koma ku Sri Lanka amafunditsa bwalo lonse. Amuna ambirimbiri amathamanga ndi malona olemera, n'kuwapsinja ndi matayala akutha kuti mphepo isawaulutse. Ikakata amakhuthula madziwo lona ndi lona mpaka kunja kwa bwalo, n'kuvundukula. Ikayambanso amathamanganso, nthawi zina kangapo madzulo amodzi. Pa mapeto a Asia Cup ya 2023 mabwana anawapatsa madola 50,000 kuti agawane, a ku Colombo ndi a ku Kandy. Mohammed Siraj wa India, amene tsiku lomaliza anatulutsa omenya 6 a Sri Lanka, anawonjezapo madola 5,000 a mphotho yake.