Mutu waching'alang'ala ku St Mary's

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma nthenda ya mtsikana wina wa ku St Mary's, m'tauni ya Chitungwiza, imaimba. Imayamba ndi kadontho kothwanima m'mbali mwa diso, kamene kamakula pang'onopang'ono n'kukhala ngati mano a sowo onyezimira, mpaka nkhope ya munthu amene ali patsogolo pake imaoneka theka lokha. Zikatero amadziwa kuti kwatsala mphindi zosapitirira 30. Amasiya chipeso, n'kupepesa kwa mayi amene akuwaluka tsitsi, n'kuthamangira pokwerera makombi pa Makoni, kuti mutuwo ukamupeze ali kale m'chipinda chamdima. Akachedwa amasanza panjira.

Mtsikanayu amagwira ntchito m'saluni, ndipo ali ndi nthenda ziwiri. Yoyamba ndi mutu umenewu, umene umagunda mbali imodzi ngati munthu akusinja mkati mwa chigaza, n'kumugoneka tsiku lathunthu, nthawi zina masiku awiri. Yachiwiri ili pakhungu. Manja ake ndi ouma, akuda kuposa thupi lonse ndipo ndi ong'aluka m'mfundo za zala. Mkati mwa zigongono ndi kuseri kwa mawondo mumayabwa moti usiku amadzikanda mpaka magazi osadziwa. Nthenda yoyamba siioneka, choncho anthu sankaikhulupirira. Yachiwiri imaonekera poyera, choncho aliyense ankaipatsa dzina lake. Kwa zaka zambiri iye anakhala pakati pa ziwirizi, akuyesedwa wabodza pa imodzi ndi kuweruzidwa pa inayo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, m'pofunika kudziwa nyumba imene anakuliramo. Agogo ake aakazi anachokera ku Ntcheu m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha pakati pa 1953 ndi 1963, kutsatira mwamuna amene ankaphikira azungu ku Salisbury. Monga machona ena ambiri, sanabwererenso. Anapeza nyumba ku St Mary's, dera lakale kwambiri mwa madera atatu, pamodzi ndi Zengeza ndi Seke, amene anaphatikizidwa mu 1978 kukhala Chitungwiza, makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare. Ana awo anakula akutchedwa mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre limene silinkanenedwa mwaulemu, ndipo anaphunzira msanga kusiya Chichewa pakhomo potuluka panja. Pofika kwa adzukulu, chinatsala m'makutu mokha: agogo akalankhula Chichewa, mdzukulu amamva zonse koma amayankha m'Chishona.

M'Chishona kudwala mutu amati kutemwa nemusoro. Ndi mawu amphamvu, pakuti kutema kwake ndi komwe kuja kwa nkhwangwa, monganso m'Chichewa. Vuto linali lakuti mawu omwewa amanenedwa ndi munthu amene wagona mochedwa, amene wadzuka ndi matsire, ngakhalenso amene wangotopa ndi phokoso la ana. Mtsikanayu akawanena kuntchito, mwini saluni ankayankha kuti mutu umapweteka aliyense, amwe mapiritsi awiri apitirize. Tsiku lililonse limene wagona ankamudula malipiro. Anzake ena ankati ndi ulesi, ena ankamuyang'ana pamimba. Iye mwini anafika poyamba kudzikayikira, n'kumaganiza kuti mwina anthu onse amamva ululu womwewu koma amangolimba mtima kuposa iye.

Pakhungu mayina ankachuluka. Ena ankati ndi mhezi, kutanthauza mphere, n'kukana kuti awagwire kumutu. Ena ankanong'onezana za kachilombo ka HIV, pakuti m'dera limene linaika maliro ambiri m'zaka za m'ma 1990 zilonda za pakhungu zimadzutsa mantha akale. Azakhali ena a kutchalitchi anati walodzedwa ndi mnzake wa kuntchito. Mayi wina wogulitsa zodzola pamsika anamupatsa kachubu ka mafuta, ndipo patangotha masiku atatu kuyabwa kunaleka. Anadzola miyezi ingapo, mpaka khungu linayamba kuyera mawangamawanga n'kupyapyala ngati pepala. Atasiya, nthendayo inabwerera mwaukali kuposa kale. Sankadziwa kuti m'machubu ambiri otere mumakhala mankhwala amphamvu monga betamethasone kapena clobetasol, amene dokotala amapereka kwa nthawi yochepa ndiponso pa malo owerengeka a thupi.

Pamwamba pa zonsezi panali nkhani ya madzi. Chitungwiza, imene kalembera wa 2022 anapeza kuti ili ndi anthu oposa 370,000, ilibe damu lakelake ndipo imadalira madzi ochokera ku Harare. Anthu akumeneko sanaiwale kuti kolera ya mu 2008, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, inayambira m'tauni yawo. Mu Ogasiti 2024 chilala chitaumitsa madamu a Harava ndi Seke pamtsinje wa Manyame, malo oyeretsera madzi a Prince Edward anatsekedwa, ndipo mizere ya zigubu pamijigo inatalika. Kwa munthu wa mutu wotere, kuima padzuwa la Okutobala osadya kanthu ndi kuitana nthenda. Kwa munthu wa khungu lotere, kuchapa ndi sopo wobiriwira n'kusamba mothamanga ndi kandowa kamodzi ndi kuthira tsabola pabala. Ankaumira madzi akumwa kuti atsale osambira, motero mutu unkabwera. Akamwa, osambira ankaperewera, thukuta n'kumuyabwitsa usiku wonse, ndipo kusagonako kunkabweretsanso mutu.

Usiku wina magetsi atazima, anagona pamphasa m'chipinda cha agogo atadzifunditsa chitenje kumaso. Agogo, amene tsopano apitirira zaka 80, anakhala pambali pake n'kuyamba kumufunsa mwapansipansi. Anafunsa ngati mutuwo ukupweteka ponseponse kapena mbali imodzi, ngati ukulasa kapena ukugunda, ngati asanayambe kuumva amaona nyenyezi masana, ndiponso ngati fungo la mafuta okazinga limamuchititsa nseru. Pa funso lililonse mdzukulu ankangovomera ndi mphuno.

"Mdzukulu wanga, limeneli si litsipa," anatero agogo. "Umenewu ndi mutu waching'alang'ala. Amayi anga ankadwala womwewu, ine ndadwala womwewu."

"Nanga bwanji simunandiuze, agogo?" Aka kanali koyamba pa zaka zambiri kuti awayankhe m'Chichewa.

"Iwe unkati musoro, musoro. Ine ndinkayesa ndi mutu wamba."

Kenako anatenga chala cha mdzukuluyo n'kuchiyendetsa m'mbali mwa mutu wawo, pafupi ndi diso, pamene pali timizere tating'ono titatu. Zinali mphini zimene anawatema kumudzi ali namwali. Anati mphinizo sizinathandize. Chimene chinkawapepukitsako chinali mdima, tulo ndi mpango womanga zolimba pamphumi, ndipo mutuwo unawasiya wokha atasiya kusamba. Kutacha anamuyang'ananso manja padzuwa. "Si mphere izi. Ikanakhala mphere bwenzi nyumba yonse ikukanda. Si ziperenso, chifukwa chipere chimazungulira ngati ndalama. Pita kuchipatala ukawaonetse, koma ukanene bwinobwino."

Mawu akuti ching'alang'ala ali ndi kubwereza kumene Chichewa chimagwiritsa ntchito posonyeza chinthu chochitika mobwerezabwereza, monga mu kuyendayenda kapena kudumphadumpha, ndipo amene anadwalapo amamva kugunda kwa mutuwo m'katchulidwe komweko. Azungu nawonso anaupatsa dzina lapadera. Liwu lakuti migraine linachokera ku Chigiriki, hemikrania, kutanthauza theka la chigaza, dzina limene sing'anga Galen ankagwiritsa ntchito zaka zoposa 1,800 zapitazo. Anthu otalikirana chonchi anaona chinthu chimodzi, chakuti mutu uwu ndi nthenda payokha. Lero zikudziwika kuti umavutitsa munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 7 alionse padziko lapansi, kuti akazi amadwala kuwirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi amuna, kuti ukayamba umatenga maola 4 mpaka 72, ndiponso kuti umayenda m'magazi a banja. Agogo sanawerengepo zimenezi, koma mafunso awo anali omwewo amene namwino anadzafunsa.

Ulendo uno mtsikanayu sanapite kuchipatala ndi mawu akuti mutu ukuwawa basi. Anayamba wagula kope la ana asukulu, ndipo kwa miyezi iwiri ankalemba tsiku limene mutu wabwera, ola lake, mbali yake, zimene anadya, maola amene anagona ndi mapiritsi amene anamwa. Namwino atawerenga kopelo anaona zimene mwini wake sankaziona. Mutu unkabwera kwambiri kukatsala masiku awiri kuti ayambe kusamba, komanso Loweruka, tsiku limene saluni imadzaza, fungo la mankhwala owongola tsitsi lili tho, iye osadya mpaka madzulo. Anaonanso kuti ankamwa mapiritsi opha ululu pafupifupi tsiku lililonse. Anamufotokozera kuti mankhwala wamba monga paracetamol kapena ibuprofen akamamwedwa masiku 15 kapena kuposa pamwezi, ndipo osakaniza ndi codeine masiku 10, amayamba okha kubweretsa mutu umene akuyenera kuchiza.

Panalinso china chimene chinamuopsa. Ankamwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen, ndipo kwa mkazi amene amaona zothwanima mutu usanayambe, mapiritsi amenewa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Anamusinthira njira ina. Anamuyeza kuthamanga kwa magazi, anamuyezanso HIV iye atavomera, n'kupeza kuti alibe. Anamuchenjeza kuti mutu ukadzabwera mwadzidzidzi ngati mphezi, kapena pamodzi ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, kapena dzanja ndi mwendo zikadzafooka, asadzagone m'nyumba n'kumati ndi uja wa masiku onse. Za khungu anati ndi eczema, nthenda yosapatsirana imene khungu limalephera kusunga chinyezi, ndipo kwa anthu akuda siifiira monga zimaonekera m'mabuku, koma imada kapena kutuwa.

Kuyambira pamenepo moyo wake unasanduka wa timalamulo ting'onoting'ono. Amadzuka ndi kugona pa nthawi yofanana, ngakhale Lamlungu. Kumjigo amapita mbandakucha dzuwa lisanatuluke, atamwa phala. M'chikwama simusowa botolo la madzi, mtedza wokazinga ndi magalasi akuda. Akaona kadontho kaja amamwa mankhwala nthawi yomweyo, osadikira kuti ululu ukhwime, ndipo amalemba m'kope kuti asapyole masiku ake. Dokotala anamulembera amitriptyline womwa usiku kuti mutu uzibwera patalipatali. Propranolol, amene ena amapatsidwa, anamukaniza chifukwa ali mwana ankadwala mphumu, nthenda imene kawirikawiri imayendera limodzi ndi khungu lotere. Alipo mankhwala ena, sumatriptan, amene bungwe la WHO linawaika pamndandanda wa mankhwala ofunika mu 2021, koma mtengo wake m'famase umamulola kugula owerengeka, choncho amawasungira tsiku loipitsitsa. Posamba amagwiritsa ntchito madzi ofunda pang'ono, sadzikhula ndi mwala, ndipo amadzola Vaseline thupi lisanaumiretu. Pochapa amavala magolovesi, zikhadabo amawenga, zovala zamkati amasankha za thonje. Khungu likayamba kulusa amadzola hydrocortisone masiku ochepa n'kusiya.

Chovuta kwambiri chinali kukambirana ndi mwini saluni. Anapita ndi kope lija pamodzi ndi kalata ya kuchipatala, n'kupempha kuti asamagwirenso mankhwala owongola tsitsi kapena kutsuka anthu m'mutu, koma aziluka basi. Mayiwo anavomera monyinyirika, malipiro n'kutsikako. Makasitomala ena sanabwererenso kwa iye. Ena akafunsa za manja ake, amawayankha mosabisa kuti ndi khungu louma losapatsirana, ndipo ambiri amangokhala pansi n'kuweramitsa mutu. Sanachire. Mutu umabwerabe kawiri kapena katatu pamwezi, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi zala zimang'alukabe. Chimene chinatha ndi kudziyesa wabodza.

Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo chimamveka pa wailesi ya National FM. Nyimbo za gule, amene kumeneko amati zvigure, zikuimbidwabe m'madera a machona. Koma mawu a pamphasa ya wodwala, monga litsipa, kulasa, kunyerenyetsa, nsungu, mphini ndi ching'alang'ala, sanenedwa pabwalo. Amanenedwa usiku, pakati pa anthu awiri, ndipo wamkuluyo akamwalira asanawanene amapita nawo kumanda. M'nyumba ya ku St Mary's liwu limodzi linatsala pang'ono kupita chotero, pamodzi ndi mbiri ya nthenda ya akazi a mibadwo inayi. N'kutheka kuti ku Chipata, ku Angónia kapena ku Lichinga mutu umenewu uli ndi dzina lina, ndipo amene ali ndi agogo amoyo angachite bwino kuwafunsa.

Masiku ano mtsikanayu akaweruka amakhala pakhonde n'kumawadzoza agogo ake mafuta m'miyendo, uku akuwafunsa mayina a matenda. Amawalemba kumapeto kwa kope lomwe lija, kuyambira tsamba lomaliza kubwerera m'mbuyo. Agogo amaseka katchulidwe kake, amene amamveka Chishona, n'kumuuza kuti abwerezenso. Mchemwali wake wamng'ono, wa zaka 13, sabata yatha anabwera kuchokera kusukulu ataphimba diso limodzi ndi dzanja, akudandaula kuti bolodi limathwanima. Mtsikanayu anatseka makatani, anamupatsa madzi, n'kuyamba kumufunsa ngati ukupweteka ponseponse kapena mbali imodzi.