Mthunzi nawonso timauyeza

Ntchito yanga ndi yoyeza mitengo ya m'tauni pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti. Anthu akamva zimenezi amayesa ndimaona mtengo uliwonse ndi nthambi zake. Ayi ndithu. Pa chithunzi cha setilaiti ya Landsat kadontho kamodzi ndi malo a mamita 30 mbali zonse, moti nyumba, bafa ndi mtengo wa mango zimalowa m'kadontho komweko. Sentinel-2, ya ku Ulaya, yomwe inaulutsidwa mu 2015, imaonako bwino: mamita 10. Zithunzizi n'zaulere. Za Landsat anazitsegulira aliyense mu 2008, ndipo zakale zimafika mpaka 1972. Chimene chimatidya ndi bandulo ya intaneti basi, poti pulogalamu ya QGIS nayonso sitigula.

Nkhani yonse yagona pa tsamba. Tsamba lamoyo limamwa kuwala kofiira popanga chakudya, koma limabweza kuwala kwa infrared kumene maso athu sakuona. Malata ndi phula sizitero. Tikayerekeza kuwala kuwiriku timapeza nambala yotchedwa NDVI, yoyambira pa -1 kulekeza pa 1, ndipo ikamakwera ndiye kuti pamalopo pali msipu wambiri.

Vuto n'lakuti nambalayi sidziwa mtengo, imangodziwa kubiriwira. Mu Febuluwale Lilongwe yense amaoneka ngati nkhalango, chikhalirecho ndi chimanga cha m'mapoloti ndi m'mphepete mwa misewu. N'chifukwa chake ndimadikira chilimwe, mapesi atauma. Koma nacho chilimwe chili ndi misampha yake. Mitengo yachilengedwe monga mombo imayoyola masamba n'kubisala, udzu wa m'dambo ndi kapinga wothirira zimadzionetsa ngati mitengo, ndipo utsi wa lupsa umaphimba chithunzi. Ndiye ndimasanja zithunzi za miyezi yosiyana n'kuona chimene chakhalabe chobiriwira, kenako ndimavala nsapato.

Inde, nsapato. Mapu osayendera pansi ine sindiwakhulupirira, ngakhale akongole bwanji. Timasankha malo angapo, n'kukazunguliza tepi pathunthu la mtengo uliwonse pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, kuyeza kutalika, kulemba mtundu wake. Pamenepo m'pamene timawerengera kulemera kwa mtengowo, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwake ukauma ndi kaboni amene unachotsa mumpweya. Ilipo pulogalamu ya i-Tree, ya nthambi ya zankhalango ya ku America, yomwe imatha kusandutsa phindu la mitengo kukhala ndalama. Ndimaigwira mochenjera, chifukwa anaiumbira mizinda ya kwawo, osati m'bawa wa kuno.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi mapu a kutentha. Landsat 8 ndi 9 zili ndi kachipangizo koyeza kutentha kwa nthaka ndi madenga, osati kwa mpweya, ndipo zimadutsa cha m'ma 10 koloko m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo. Ngakhale pa ola limenelo mzinda umagawikana poyera. Area 10, Area 43 ndi nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi zimatuluka zoziziritsa. Mtandire, Mgona ndi Chinsapo, komwe nyumba zapanikizana, zimayaka. Pakati pa madera ouma mbee umapeza timagulu ta mitengo tozizira, ndipo kawirikawiri ukapitako umapeza ndi manda, kumene nkhwangwa imaopa kulowa.

Mapu otere ndi amene ndimafuna azikhala patebulo nyengo yodzala mitengo ikamatsegulidwa mu Disembala. Mbande nthawi zambiri zimapita komwe kuli malo ndi makamera, pamene mwana wa ku Mgona akusowa pousa masana. Ndipo chiwerengero cholengezedwa tsiku lodzala setilaiti siichidziwa. Mbande siioneka pa kadontho ka mamita 10 mpaka itapulumuka mbuzi, chiswe, moto ndi zilimwe zingapo. Ikayamba kuoneka, ine ndiye ndimailemba.