Ndinathyola osakumba

Mu Januwale 2002, ndili ndi zaka 14, ndinaphikira banja lathu bowa wa chirombo ndikuyesa utale. Tinadya anthu anayi. Mlongo wanga wamng'ono, wa zaka zinayi panthawiyo, anatsala pang'ono kutisiya.

Kwathu ndi ku Kandeu, kwa Inkosi Ganya, m'boma la Ntcheu. Amene anaiona njala ya chaka chimenecho safuna kuchita kufotokozeredwa. Nkhokwe yathu inatha mvula isanagwe. Bambo anawolokera ku Mozambique, cha ku Angonia, kukasaka ganyu wa chimanga, ndipo amayi ankalawira mbandakucha kukapalira m'minda ya ena, malipiro ake kambale ka gaga. Pamene a Bakili Muluzi ankalengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti dziko lili pangozi ya njala, ife tinali titayamba kale kusinja mitsitsi ya nthochi.

Sindinganame kuti bowa sindinkamudziwa. Agogo anga aakazi anayamba kunditenga kuthengo ndili wamng'ono kwambiri, iwo patsogolo ndi kamtengo kawo kosongola, ine pambuyo ndi lichero. Anandionetsa manyame, wachikasu uja womera pansi pa misuku ndi miombo. Anandionetsa manda, timbewu toyera tomera mwaunyinji padothi la chiswe, totopetsa kutola koma tokoma. Ndelema ankandiuza kuti ndisamazule ndekha, chifukwa amatuluka m'kathumba konga dzira, ndipo alipo abale ake otuluka chimodzimodzi amene amapha. Chilichonse chosadyedwa sankachitcha n'komwe bowa. Ankangochikankha ndi kamtengo kaja n'kunena kuti, "Chirombo icho, tiye."

Utale ndiye ankaulemekeza. Akaupeza pambali pa chulu ankagwada, n'kuyamba kufukula pang'onopang'ono mozungulira mwendo wake. Pansi pa nthaka mwendowo umapitirira, wautali, wowonda ngati mchira wa mbewa, kulunjika m'kati mwa chulu momwe chiswe chimaulima. Ankandigwiritsa muzuwo m'manja, n'kundiyendetsanso chala pakansonga kolimba ka pamwamba pa chipewa chake. "Mdzukulu wanga, utale umauona ndi muzu. Chipewa aliyense amavala." Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri. Tsiku limene anafunika, sindinawakumbukire.

Tsiku limenelo agogo anali atagona sabata yachiwiri, miyendo itatupa. Ine ndinapita kudambo kukafuna therere ndi bonongwe, koma anthu anali atathyola kale zonse. Pobwerera ndinadzera pamalo pamene anyamata ankadyetsera ng'ombe. Paudzu waufupi panali bowa woyera, wamkulu ngati mbale zodyera ndiwo, atamera mozungulira ngati ana akuvina. Mtima unagunda. Ndinayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina anditsogola, kenaka ndinayamba kuthyola msangamsanga, kungodula pamwendo ndi chikhadabo n'kuponya m'chitenje. Chulu panalibe. Ndinaona ndithu kuti palibe, koma ndinadziuza kuti mwina chiswe chili pansi. Pachipewa panali timamba tofiirira, pamwendo kamphete kotha kusuntha. Pamene ndinadula pankasanduka pofiirira. Zonsezi maso anga anaziona, koma m'mimba munali mutagona masiku awiri mopanda nsima.

Ndinkafuna kuti amayi akabwera apeze ndiwo zapsa, andiyamike. N'chifukwa chake sindinalowe m'nyumba ya agogo kukawaonetsa, ngakhale inali pafupi ngati apa ndi apo. Ndinasankha wanthete, woyera bwino kunsi, ndinamung'amba n'kuphika ndi mchere wokha. Awiri okalamba ndinawasiya m'lichero kuti ndiyanike m'mawa. Amayi anafika kutada, anaphika phala lolimba la gaga, tinadya: iwo, ine, mng'ono wanga ndi mlongo wathu. Kukoma kwake kunali kwa bowa weniweni, ndipo ichi anthu ambiri sakhulupirira. Sanawawe, sananunkhe. Agogo ndinawapititsira mbale yawo koma anali m'tulo, ndinangoivundikira.

Sipanathe maola awiri. Anayamba ndi mlongo wanga, kusanza ngati wina akumufinya. Kenaka mng'ono wanga, kenaka ine. M'mimba munkapota ngati akukamula nsalu, thukuta lozizira lili chuchuchu, kutsegula kosalekeza moti kuchimbudzi sitinkafikako. Amayi, nawonso akudzigwira pamimba, anakwawira kwa agogo.

Agogo anandiitanitsa pamodzi ndi lichero. Anati tiyatse koloboyi, mafuta ake otsalira pansi penipeni. Anatenga mmodzi mwa awiri aja n'kuyang'ana kumwendo.

"Muzu wake uli kuti?"

"Ndinangothyola, agogo."

"Pachulu chiti?"

Sindinayankhe. Anatembenuza chipewa n'kuchiyandikiza kumoto. Timizere ta kunsi, timene masana tinali toyererako, tinali titasanduka tobiriwira mwa phulusa, ngati ndere zouma pamwala. Sanandikalipire. Anangotembenukira kwa amayi. "Musadikire kuche. Mwanayu apite kuchipatala tsopano lino, ndipo ichi mutenge akachione."

Mnansi wathu anamanga ng'ombe pangolo usiku womwewo. Shuga wopangira madzi a mchere ndi shuga m'nyumba munalibe, m'mudzi monse munalibe. Amayi ankangomudonthezera mlongo wanga madzi owiritsa ndi supuni, iye n'kubweza. Ndimakumbukira mutu wake uli pamiyendo panga, maso atalowa m'kati, milomo itauma gwa, ngolo ikugwedezeka m'matope. Analeka kulira. Kuleka kulirako ndi kumene kunandiopsa kuposa zonse.

Kuchipatala cha pa Kandeu anavutika kupeza mtsempha pakadzanja kake, koma anaupeza, n'kumuika diripi. Enafe anatipatsa madzi a mchere ndi shuga kuti tizimwa pang'onopang'ono. Adokotala anafunsa kawiri konse kuti, "Mayi, kuchokera pamene munadya mpaka kuyamba kusanza panadutsa nthawi yotani?" Atamva kuti maola awiri, nkhope yawo inamasuka. Anafotokoza kuti bowa woopsa kwambiri ndi amene amayamba wakhala chete maola 6 kapena kuposerapo. Munthu amasanza, tsiku lotsatira amaoneka ngati wachira, pamene chiwindi chikuwonongeka m'kati, ndipo kuphika kapena kuyanika sikuchotsa poizoni wake. Wathuyu anati kawirikawiri sapha munthu wamkulu, koma mwana wofooka kale ndi njala akhoza kupita chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Mlongo wanga anatsegula maso bwinobwino tsiku lachitatu, n'kupempha phala.

Patapita zaka ndinadzamva dzina limene akatswiri amachitcha chirombo chija, Chlorophyllum molybdites, ndiponso kuti chimadwalitsa anthu m'maiko ambiri, ngakhale ku America, pachifukwa chomwecho: chikakhala chanthete kunsi kwake n'koyera, kubiriwira kumabwera chikakula. Ukaika chipewa chake papepala loyera n'kuvundikira usiku wonse, m'mawa umapeza fumbi lobiriwira. Ndinamvanso za Brian Morris, wa ku England, amene anatulutsa buku la bowa wa m'Malawi mu 1987, zambiri ataziphunzira kwa amayi a kumudzi onga agogo anga. Zinandikhudza kuti nzeru imene inakalowa m'buku ndi yomwe ine ndinailambalala pakhomo.

Chimene chimandipweteka lero n'chakuti mabodza ena akadali moyo. Pamsika ndimamvabe anthu akuti bowa akadyedwa ndi tizilombo kapena nkhono ndiye kuti ndi wabwino. Si zoona, chimene nkhono imadya bwinobwino chikhoza kupha munthu. Ena amati ukawiritsa n'kutaya madzi oyamba poizoni amatha. Amasokoneza ndi kalongonda kapena chinangwa chowawa, zimene zilidi ndi njira yake yozikonzera, ndipo nazonso zimapweteka anthu akazifulumizira. Ndipo mitengo imene manyame ndi ndelema amamera pansi pake ikuthera m'mauvuni a makala. Kumene ine ndi agogo tinkadzaza lichero, lero kuli zitsa. Mwana wotumidwa ndiwo safikanso kunkhalango ndi munthu wamkulu, amatola chimene wapeza m'mbali mwa msewu ndi kubusa, kumene chirombo chija chimakonda.

Agogo sanaione mvula ya chaka chotsatira njala ija. Kamtengo kawo kanatsala kwa ine, ndipo katathyoka ndinasema kena. Mu 2024, chilala chitapsereza chimanga ndipo a Lazarus Chakwera atalengeza za ngozi m'maboma 23, njala inabweranso m'mudzi mwathu. Mvula yotsatira itayamba, mwana wanga wamkazi anabwera akuthamanga, chitenje chodzaza, akufuula kuti wapeza utale. Ndinamuuza atule pansi. Mwa bowa asanu ndi awiri, anayi anali ndi mizu yawo yaitali, dothi lofiira la chulu likadali pomwepo. Atatu anali odula pamwendo.

"Awa unawatenga pati?"

"Pomwepo, amayi, ndinangotopa kukumba."

Mwina ankanena zoona. Atatuwo ndinakataya m'chimbudzi kuti nkhuku ndi ana asawapeze, ndipo m'mawa mwake tinapita limodzi kuti akandionetse chulucho.